Chidulo cha Kuseri kwa Khola

Lachiwiri, 4 Juni 2024

Ndikadali moyo. Amene anayamba kale kuyeza mawindo a nyumba yanga kuti asokere makatani atsopano adikire kaye. Ndatuma Zebedee, mwana wanga, kukandigulira kope ili pageti la chipatala, chifukwa madokotala amalankhulana pamwamba pa mutu wanga ngati ndine thumba la chimanga. Ndizilemba ndekha zonse, pasadzapezeke wondinamiza.

Ndine Eneles Nankhoma, zaka 66, wa ku Rugare kuno kudziko la Ashona, m'nyumba ya kampani ya njanji imene anandisiyira malemu bambo ake a Zebedee. Ndinasoka maovololo kufakitale ku Southerton zaka 28 osajomba chifukwa cha matenda. Dzulo m'mawa ndinati ndidzuke ndikatsegulire nkhuku, miyendo inakana. Mtima unkagunda kawiri, n'kuima ngati ukuganiza, n'kugundanso. Rumbi, mkazi wa Zebedee, ndiye anandibereka kumsana mpaka kumsewu wa makombi, maminibasi a kuno. Ndinamuuza kuti anditsitse, anthu akuona. Sanamve, monga mwa masiku onse.

Zoti impso zanga n'zotopa ndinazidziwa chaka chatha. Chatsopano n'chakuti m'magazi mwanga mwachuluka mchere wina wotchedwa potasiyamu. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Ine andipeza ndi 7.3. Dokotala Chirenje, kamtsikana ka magalasi, akuti pa nambala imeneyo mtima umatha kuima osatsanzika. Ndawauza kuti wangawu unaleredwa bwino.

Andipatsa kashiyamu mumtsempha, woteteza mtima. Insulini pamodzi ndi madzi a shuga, akuti zimakankhira potasiyamu m'minofu kuti achoke m'magazi. Nthunzi yopumira pamphuno. Ndi ufa wosungunula m'madzi, womveka m'kamwa ngati mchenga wa panjanji.

Lachitatu, 5 Juni

6.1. Miyendo yayamba kumva. Andimata timawaya pachifuwa, kapepala kakutuluka ndi timapiri tosongoka. Akuti timapirito tikaphwa ndiye kuti zikuyenda. Kuzizira m'wadi muno sikwamasewera, ndipo bulangeti ndi limodzi.

Lachinayi, 6 Juni

5.4. Ndayenda ndekha mpaka kuchimbudzi. Nesi amati andigwire mkono, ndamuuza kuti akagwire agogo ake.

Dokotala anakhala pabedi panga n'kuyamba kundifunsa ngati wapolisi. Nthochi? Mapeyala? Mbatata, tomato wambiri? Mchere uja wa m'sitolo wa anthu othamanga magazi? Mankhwala azitsamba? Zonse ndinayankha kuti ayi, ndipo sindinaname. Ndinati, "Adokotala, zonsezo ndingazione kuti? Kwathu kuli msilikali."

Msilikaliyo ndi Rumbi. Chiyambireni kupita nane kukiliniki ya impso, anabisa mchere, anataya soda. Kabichi amawiritsa kawiri, madzi oyamba n'kutaya panja, akuti ndi mmene anamuphunzitsira anesi. Munthu wotaya msuzi, inu munamuonapo kuti? Ndakhala ndikuuza Zebedee, ndi amayi a kumpingo, ndi aliyense woima pampanda kuti mkaziyu akundipha pang'onopang'ono kuti nyumba ikhale yake. Mwina ndinkangolankhula, mwina ayi. Njala ya mchere imalankhulitsa.

Pabedi loyandikana nane pali Mai Marufu a ku Kambuzuma, Mshona wokamba nkhani ngati wailesi. Zodabwitsa, iwo vuto lawo ndi lomweli koma lotembenuka. Mapiritsi ochotsa madzi m'thupi anawakokolola potasiyamu mpaka 2.8, ndipo nawonso miyendo inafooka, mtima n'kumadumpha. Iwo akuwakakamiza nthochi, ine akundibisira. Chinthu chimodzi, chikachepa imfa, chikachuluka imfa. Ndinawauza anesi kuti angotilumikiza ndi paipi tigawane, sanaseke.

Lachisanu, 7 Juni

5.1. Akuti zikapitirira chonchi, Lolemba ndikutuluka, ndipo za makina otsuka magazi tiziiwale kaye.

Lero ndadya ngati munthu. Pakati pa sabata Rumbi amakhala kuntchito, amalongedza sopo ku Southerton, ndiye chakudya changa amaphika m'mamawa n'kupatsira Natalia. Natalia ndi mnzanga wa kuseri kwa mpanda, anabwera kuchokera ku Tete nthawi ya nkhondo, amagulitsa nsomba zouma pamsika. Watsegula basiketi, pamwamba pali kabichi wa Rumbi wotuwa ngati nsanza. Pansi, atakulunga munsalu, pali kambale ka therere la chidulo ndi kabotolo komwe munali mankhwala a chifuwa.

"Mana Eneles," anandinong'oneza, monga amaitanira achemwali kwawo, "ndadontheza dzulo, n'chakupsa bwino. Muzithira pang'ono m'zakuchipatalazi."

Ndilembe pano, poti kope ndi langa. Anandiletsa mchere, ndinamvera. Anandiletsa soda, ndinamvera. Koma chidulo palibe anachitchula. Ine ndi Natalia timatola zitsononkho za chimanga, makoko a nthochi ndi a nyemba, timaumitsa, timawotcha kuseri kwa khola la nkhuku Rumbi akapita kuntchito. Phulusalo timaika m'chitini chobowola pansi, tayala udzu, n'kuthira madzi kuti azidontha. Madzi odonthawo ndiwo chidulo. Amafewetsa therere, ndipo palilime amaluma ngati mchere. Mayi anga anabwera nalo luso limeneli kuchokera ku Dedza, ndipo anafa ndi zaka 91 mano ali onse. Si chakudya, si mankhwala, ndi phulusa basi. Miyezi isanu ndakhala ndikuthira m'ndiwo zonse zimene Rumbi amandipatsa, iye n'kumasangalala kuti ndayamba kumaliza mbale.

Kabotolo ndabisa m'thumba la sopo.

Loweruka, 8 Juni

Sanatenge magazi, asiyanso ufa wa mchenga uja. Rumbi wabwera yekha ndi mpunga ndi nkhuku yowiritsa. Wandipukuta msana, wandidzoza mafuta kumapazi. Chichewa chake chikadali chopunduka, amati "Mwaswera sei bwanji, amayi?" Atapita kukatsuka mbale ndinathira zanga zija. Atabwerako anapeza ndikudya mokoma, anamwetulira. Ine ndinapitiriza kudya osamuyang'ana.

Lamulungu, 9 Juni

Amayi a mvano abwera asanu, ayimba nyimbo ziwiri, asiya nthochi phava lathunthu. Zonse zapita kwa Mai Marufu. Natalia anabwera nawo ndi therere lina. Ndadya lonse, ndi msuzi ndamwa.

Madzulo ano milomo ikuchita dzanzi. Sindiuza munthu, angandiletse kutuluka mawa.

Lolemba, 10 Juni

6.8. Kashiyamu. Insulini. Nthunzi. Dzanja silikugwira bwino cholembera.

Sinditulukanso. Koma sindifa.

Lachiwiri, 11 Juni

6.0. Zinthu zaipa, ndipo si za magazi zokha.

Dokotala anaitana Zebedee pabedi panga. Anati mankhwala akugwira ntchito, chakudya cha chipatala anachiyeza kale, ndiye pali chinachake chimene chikulowa m'thupi mwanga kuchokera kunja. Anafunsa kuti chakudya cha kunyumba amaphika ndani. Anafunsa mwaulemu, sanaloze munthu chala. Koma ndinaona nkhope ya mwana wanga ikuuma ngati ya bambo ake.

Rumbi anafika atatuluka kuntchito, akadali ndi kansalu ka kufakitale kumutu. Zebedee anamulanda basiketi pakhomo la wadi. Analankhula Chishona, chifukwa mwana wanga akakwiya Chichewa chimamuthawa, ndipo wadi yonse inamva. Anati amayi akhala akunena chaka chathunthu kuti ukuwapha, ine ndinkati ndi ukalamba. Anati munthu amachira Lachisanu, iwe wabwera Loweruka, Lolemba ali pafupi kufa. Anati umathiramo chiyani.

Rumbi anacheukira kubedi langa. Anandiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu, ngati akudikira kuti ndinene kanthu. Ine ndinayang'ana kudenga. Ndinkati m'mtima, ine ndalakwa chiyani, si ine ndamutuma Zebedee. Rumbi anatembenuka n'kumapita, masilipasi ake akumveka mpaka kumasitepe.

Mai Marufu, amene satseka pakamwa, sanandilankhule mpaka magetsi kuzimitsidwa.

Lachitatu, 12 Juni

5.6.

Natalia wabwera ndi nkhani. Rumbi wanyamula chikwama, wapita kwa makolo ake ku Kuwadzana. Zebedee watumiza kale mawu kwa azakhali ake a Rumbi kuti Loweruka pa 22 akuluakulu akhale pansi, ukwati uthe. Ku Rugare konse akuti mpongozi wa a Nankhoma anathira poizoni. Pampopi sakukambanso za madzi.

Chaka chonse ndimafuna mtsikanayu achoke m'khitchini mwanga. Lero wachoka, koma chakudya sichikutsika.

Masana dokotala anaima kwa Mai Marufu, amene afika pa 3.6 ndipo akuyembekeza kutuluka. Iwo anayamba za dimba lawo, kuti nthochi zawo zimabereka kuposa za aliyense ku Kambuzuma chifukwa amathira phulusa patsinde. Dokotala anati n'zoona, m'phulusa mwadzaza potasiyamu yemweyo amene iwo akusowa. Mbewu imamukoka m'nthaka, moto ukawotcha zonse iye sapsa, amatsalira m'phulusamo atasonkhana pamodzi. Mai Marufu anati ndiye bwanji osangowapatsa phulusa anyambite m'malo mwa mapiritsi owawawa. Dokotala anaseka, anati, "Musayerekeze. Makamaka anzanuwa, madzi a phulusa angawagoneke pansi."

Anadutsa kupita bedi lina. Ine ndinkangomva kabotolo kaja ngati kakupuma m'thumba la sopo.

Lachinayi, 13 Juni

5.3. Sindinathire kanthu dzulo ndi lero, ndipo nambala ikutsika yokha. Ndaona.

Ndakhala ndikukangana ndekha tsiku lonse. Ndikangotaya kabotoloka m'chimbudzi, ndichira, ndituluka, palibe adzadziwe. Ndikhalanso mwini khitchini. Ndikaulula, Rugare yonse idzati Eneles uja wodziwa zonse ankadzidyetsa yekha poizoni, n'kumanamizira mwana wa eni. Amayi a mvano amene ndinkawauza pampanda aja adzandiseka mpaka kumanda. Ine sindinapepesepo munthu chibadwire, ngakhale foromani wa ku Southerton amene anandiopseza kundichotsa ntchito kawiri.

Amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Kwathu zatembenuka, wadya ndi wamkulu, wapotedwa m'mimba ndi mwana.

Ndikuopa. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Lachisanu, 14 Juni

5.2.

Ndinadikira nthawi imene madokotala amazungulira, Zebedee alipo, Natalia alipo. Ndinatulutsa kabotolo n'kukaika pakabati, pamene aliyense akuona. Ndinati, "Adokotala, munandifunsa za nthochi ndi zitsamba. Ichi simunandifunse, inenso sindinanene." Ndinafotokoza zonse, zitsononkho, chitini, khola la nkhuku, miyezi isanu. Natalia anayamba kulira n'kumadzimenya pachifuwa, ndinamuuza kuti akhale chete, wotuma ndine.

Dokotala ananunkhiza, anadonthezera pang'ono pachala n'kutikita. Anati chinthuchi sanachionepo, kwawo amagwiritsa soda, koma ngati ndi madzi a phulusa ndiye wapezeka wakuba. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Gogo, mukudziwa kuti munatsala pang'ono?" Ndinati ndikudziwa, ndinalipo.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Ayi ndithu. Zebedee anapukusa mutu. Anati, "Amayi, chidulo mwakhala mukudya ine ndisanabadwe. Agogo anadya mpaka zaka 91. Lero ndiye chikhale poizoni? Mukungomuikira kumbuyo chifukwa mwamva chisoni."

Dokotala anamuuza kuti impso zamoyo zimataya potasiyamu wotsala ndi mkodzo, tsiku lililonse, munthu osadziwa n'komwe. Zanga zatsala ndi mphamvu yochepa, ndiye amene walowa amakhala momwemo. Zebedee anamva koma sanamve. Ndimamudziwa, ndinamubereka ndine. Atanena mawu pagulu, kubweza kumamuvuta. Sindifunsa kuti anatengera ndani.

Ndiye ndinati, "Chabwino, iwe Zebedee. Kuyambira mawa sindidya cha chipatala, sindidya cha Natalia, sindidya chako. Ndidya chophika Rumbi chokha, m'mawa, masana ndi madzulo. Adokotala asandipatse ufa uja. Lachiwiri atenge magazi. Ngati mkazi wako ndi wapoizoni, udzanditenga m'bokosi, ndipo udzakhala wolondola."

Anati ndapenga. Dokotala anaganiza pang'ono, anati ufa angausiye malinga azitenga magazi tsiku lililonse ndipo kabotolo kapite ndi iwo. Ndinati katengeni, koma botololo ndi la Natalia, mudzabweze.

Madzulo ndinabwereka foni ya Mai Marufu, chifukwa yanga Rumbi sakanayankha. Anayankha. Ndinanena zimene ndachita ndi zimene ndikufuna. Anangoti, "Ndamva, amayi," n'kudula.

Loweruka, 15 Juni

5.1. Phala la chipatala ndabweza. Mai Marufu atuluka, andisiyira bulangeti lawo ndi mawu akuti ndine nkhalamba youma mutu kuposa onse amene anagonapo nawo.

Teni koloko, palibe. Thwelofu, palibe. Njala inafika poipa. Nesi anabwera ndi mbale, ndinatembenukira kukhoma. Ndinati ngati sabwera, ali ndi chifukwa, ine ndikanakhala iye sindikanabwera.

Itakwana thu koloko nesi yemweyo analowa ndi basiketi yathu ija. Anati wasiya ndi mayi wina pakhomo, wakana kulowa. Munali mpunga ndi kabichi wowiritsa kawiri. Ndinadya ndikulira, ndipo amene angawerenge kope ili asadzauze munthu.

Lamulungu, 16 Juni

5.0. Basiketi yabwera katatu, kuchokera ku Kuwadzana, makombi awiri ulendo uliwonse. Mwini wake sanalowe. Zebedee anakhala pampando n'kumandiyang'ana ndikudya, ngati akudikira kuti ndigwe. Ndinamupatsa supuni kuti alawe, anakana. Ndinati mantha ngati amenewa sanatengere kwa ine.

Amayi a mvano abweranso. Ndisanawalole kuyimba ndinawakhazika pansi n'kuwauza ndekha, ndi pakamwa pomwepa pamene ndinkanenera zinazo. Ndinati mukafalitse pampopi monga munafalitsira zoyamba zija, ndipo muyambire kunyumba zomwe munayambira. Mmodzi anati, "Koma a Nankhoma, chidulo chenichenichi?" Ndinati chomwecho, ndipo amene ali ndi impso zotopa pakati panu akataye chitini lero.

Lolemba, 17 Juni

4.9. Rumbi wapempha tchuthi kuntchito kuti aziphika. Wandiuza ndi Natalia. Miyendo yalimba, ndayenda khonde lonse kawiri.

Lachiwiri, 18 Juni

4.6.

Dokotala anabwera ndi chipepala cha zotsatira za magazi m'manja, anachipereka kwa Zebedee osati kwa ine. Anati chiyambire kundiona, nambala yabwino chonchi sinaonekepo, ndipo amene akuphikayo ndiye wachedwetsa makina otsuka magazi chaka chonsechi. Anati kuwiritsa kawiri kuja, kutaya msuzi kuja, ndi kumene kwandisunga, ine n'kumabweza ndi kabotolo zimene iye wataya. Zebedee anawerenga kachipepalako nthawi yaitali, ngati pali mawu ambiri. Kenaka anatuluka. Ndinamuona pawindo akuthamangira kugeti, kumene Rumbi amaima ndi basiketi.

Zimene anakambirana kumeneko sindikuzidziwa. Zinatenga ola lathunthu. Za pa 22 zija akuti zafafanizidwa, koma Rumbi wati kubwerera ku Rugare abwerera tsiku limene iye wafuna, osati limene Zebedee wanena. Wachita bwino.

Rumbi analowa yekha. Waonda. Anaika basiketi pakabati, anayamba kutsegula mbale osandiyang'ana. Ndinamuuza kuti akhale pabedi. Ndinafunsa chimene chakhala chikundidya sabata yonse, kuti tsiku lija pakhomo anandiyang'aniranji choncho.

Anati, "Chitini chija ndinachiona kalekale, amayi. Utsi kuseri kwa khola, zovala zanga pachingwe zinkanunkha. Sindinadziwe kuti n'choopsa. Ndinati ndawalanda mchere, ndawalanda soda, ndawalanda khitchini. Ichi chokha n'cha amayi awo, ndiwasiyire."

Ndinafunsa kuti nanga Zebedee akukukalipira pamaso pa anthu, bwanji sunanene kuti pali chitini, afufuze.

Anati, "Chinali chinsinsi chanu. Ndinkadikira kuti munene ndinu."

Zaka ziwiri ndakhala ndikumuitana kuti iwe, ngati kamwana kotuma kumsika. Ndinagwira dzanja lake, lokhakhala ndi sopo wa kufakitale, ndinati, "Pepani, apongozi. Ndinakulakwirani, ndipo ndinakunamizirani." Mawu amenewa anatuluka movuta kuposa ufa wa mchenga uja kulowa. Iye sanati zatha, sanatinso sizinathe. Anangotenga supuni n'kundiika m'manja, anati chakudya chikuzizira.

Mawa ndikutuluka. Ndauza Natalia kuti phulusa lotsala kuseri kwa khola akathire patsinde pa nthochi, nthochizo azidya ndi ena. Chitini asataye. Ndidzadzalamo duwa, mayi anga asadandaule.

Kabichi wa lero anali wotuwa ngati masiku onse, wopanda mchere, wopanda msuzi, wosakoma ngakhale pang'ono. Ndawauza apongozi anga zimenezo pamaso pawo. Kenaka ndawapempha kuti andionjezere.